GARU ACENJEZA ASANALUME



Pepala lino silinena za mbeu kapena za manyowa monga mwa masiku onse. Lero tikambirane za ciweto cimene cigona pakhomo panu usiku uli wonse. Pa nchito yanga ndiyenda m'midzi yambiri kukaona minda ndi makola, ndipo pali ponse agaru ayamba kundilandira eni ace asanaturuke m'nyumba. Garu ndiye mlonda wa nkhokwe. Ndiye apitikitsa anyani ku munda wa cimanga. Ndiye adzutsa mwini khola pamene fisi azungulira mbuzi. Malipiro ace ndiwo makombo a nsima cabe. Koma garu wamkuru ali ndi mano 42 m'kamwa mwace, ndipo amene alumidwa nao kawiri kawiri ndiwo ana a pakhomo pomwepo ndi ana a anansi.

Mwana akalumidwa, mau amene ndimamva ndi awa: "Wangomluma dala, sanauwe konse." Ine ndikana mau amenewa. Garu wopanda nthenda saluma wamba. Ayamba kucenjeza ndi maso, ndi makutu, ndi mcira, ndi thupi lonse, ndipo potsiriza acenjeza ndi mau. Colakwa ciri kwa ife anthu, pakuti zizindikiro zoyamba sitizidziwa, ndipo cizindikiro cotsiriza, ndico kudzuma kwa m'mmero, ticilanga ndi ndodo. Cifukwa cace ndikupemphani zinthu zitatu: phunzirani cenjezo la garu, liphunzitseni kwa ana anu, ndipo musamenye garu cifukwa ca kudzuma.

ZIMENE NDINAONA PA KHONDE LINA

Tsiku lina ndinakhala pa khonde la mlimi wina, tirikukamba za kuyanika mtedza. Garu wace anagona pansi pa nkhokwe alikutafuna pfupa. Kamnyamata ka m'nyumbamo, ka zaka ngati zinai, kanayamba kusendera kufupi kuti kamgwire mcira. Garu analeka kutafuna. Anatembenuzira mutu kumbali, nanyambita mphuno yace kawiri. Mwana anasenderabe. Pamenepo garu anauma thupi lonse, mutu uli pamwamba pa pfupa, maso okha alikutsata mwanayo, kotero kuti coyera ca m'maso cinaoneka. Zonsezi bamboyo sanaziona, cinkana zinacitika pamaso pace. Cimene anamva ndico kudzuma, ndipo pomwepo anatola cikuni kuti akanthe garu.

Ndinampempha kuti ayambe wanyamula mwana. Atatero anati kwa ine, "Bambo, garu wodzumira mwana wa mbuye wace ngwamwano, ayenera kulangidwa." Ndinamyankha kuti garuyo anapempha katatu mwa ulemu kuti amleke, osamveka, kacinai anakweza mau, ndipo mau amenewo ndiwo anapulumutsa nkhope ya mwanayo. Tinatsutsana kufikira dzuwa linapendeka. Mtsutso womwewo ndiuika tsopano pamaso panu, kuti muuyese nokha.

MAKWERERO A MKWIYO WA GARU

Mkwiyo wa garu ukwera monga munthu akwera makwerero a nkhokwe, mtanda umodzi umodzi. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Momwemonso iye amene akhala cete ndi kupenyetsa garu wace masiku owerengeka adzaona mitanda iyi yonse.

1. Nkhawa. Garu ayasamula osamva tulo, anyambita milomo kapena mphuno popanda cakudya, aphethira kawiri kawiri, atembenuza mutu, kapena anyamuka ndi kucokapo. Tanthauzo lace ndilo, "Sindifuna ndeu, ndilekeni." Garu akacoka, asamtsate munthu.

2. Mantha. Agoneka makutu kumbuyo, apanira mcira pakati pa miyendo, adzicepetsa pansi, apenya cammbali. Wina agona cagada thupi liri louma. Uku sikupempha kusisitidwa pamimba ai, ndiko kugonja kwa wamantha. Agaru ambiri aluma cifukwa ca mantha, makamaka akapanikizidwa pa ngondya, pansi pa nkhokwe, kapena pa cingwe, pamene alibe kothawira.

3. Kuuma thupi. Ici ndico cizindikiro cacikuru koposa zonse, ndipo ndico cimene anthu aciphonya popeza ciribe phokoso. Garu amene analikupuma kukamwa kuli yasa atseka pakamwa mwadzidzidzi. Aleka cimene analikucita, miyendo iuma, maso ayang'ana dwii, ubweya wa pakhosi ndi pamsana uimirira. Mukaona izi, cotsani mwana nthawi yomweyo.

4. Kudzuma ndi kuonetsa mano. Akweza milomo, mphuno icita makwinya, mau aturuka pansi pa mmero.

5. Kuluma m'malere. Alumpha naluma mphepo pafupi ndi dzanja. Musaganize kuti waphonya. Garu ali waliwiro kopambana dzanja la munthu. Akafuna kugwira agwira. Ili ndi cenjezo lotsiriza, ndipo kutsogolo kwace kuli bala.

Nthawi zina garu akwera mitanda yonseyi m'kanthawi kocepa ndithu, nthawi zina adumpha ina. Koma lamulo lalifupi lothandiza ndi ili: thupi lofewa ndilo mtendere, thupi louma ndilo ngozi. Nzeru imeneyi si yatsopano. M'caka ca 1872 Charles Darwin wa ku England analemba za garu mmodzi yemweyo poyandikira munthu: akamyesa mdani ayenda coongoka ndi couma, mcira uli njo, ubweya woimirira, akazindikira kuti ndi mbuye wace, thupi lonse lifewa ndi kupindikapindika.

Cenjerani ndi mcira. Ambiri amati garu wogwedeza mcira saluma, ndipo mau amenewa alumitsa anthu ambiri. Mcira wa cikondwerero ugwedezeka momasuka pamodzi ndi ciuno comwe. Mcira woima m'mwamba, wouma, wonjenjemera kunsonga kokha, ndiwo wa garu wokonzeka kumenyana. Ndiponso garu wouwa ali patari, akubwerera m'mbuyo, alikungodziwitsa mbuye wace kuti kwadza mlendo. Amene muyenera kumuopa koposa ndiye wakuyandikira ali cete, thupi louma.

CIFUKWA NINJI TISAMENYE GARU WODZUMA?

Taganizani cimene garu aphunzira pa ndodo. Anali ndi mantha kuti mwana amlanda pfupa, anadzuma, anamenyedwa. Mantha ace sanathe, koma acuruka, pakuti tsopano adziwa kuti kufika kwa mwana kudza ndi ululu. Cimene catha ndi kudzuma kokha. Mawa mwana akasenderanso, garu adzakhala cete, nadzaluma. Kupha tambala sikuletsa kunja kuca, mwangotaya wokudzutsani. Agaru ambiri amene eni ace anena kuti aluma osacenjeza ndiwo amene cenjezo lao linacotsedwa ndi ndodo.

Wina adzati, "Nanga timleke garu alamulire pakhomo?" Iai. Mwini nyumba alamulira pocotsa cifukwa ca mkwiyo. Garu wamkota sakandira pacabe, ndipo garu sadzumira pacabe. Poyamba cotsani mwana mwakacetecete, mpatseni garu njira yoturukira, ndipo pamenepo funsani mumtima mwanu cimene cambvuta. Zifukwa zace kawiri kawiri ziri izi:

Cakudya. Garu wanjala aciteteza kolimba. Mpatseni cakudya tsiku ndi tsiku pa malo ace a yekha, ndi madzi omwe, ndipo ana asayandikire kufikira atatha.

Ana ace. Garu wamkazi woyamwitsa, ngakhale wofatsa, asanduka waukali masabata oyamba. Mkonzereni pogona pobisika, ndipo ana a m'mudzi asapite kukanyamula tiana tace iye alipo.

Ululu. Garu wofatsa akayamba kudzuma pogwidwa, yang'anani minga ku mapazi, zironda za nchenche ku makutu, nkhupakupa, dzino lothyoka, kapena mwendo wobvulala. Garu wokalamba amene samva kapena saona bwino adzidzimuka msanga.

Tulo. Garu wodzutsidwa ndi dzanja aluma asanazindikire amene wamgwira. Muitaneni ndi mau muli potero.

Cingwe. Garu womangidwa usana ndi usiku pa cingwe cacifupi, padzuwa, alibe kothawira, ndipo cotsala kwa iye ndi mano okha.

Nyengo ya kukwerana. Pamene agaru amuna ambiri atsata wamkazi mmodzi, ndeu siicedwa. Ana asalowe pakati pao, ndipo munthu asaleretse agaru omenyana ndi manja. Muwathire madzi ambiri.

Winanso adzati, "Ine ndifuna garu waukali woopsa mbala, ndikamlera mofatsa adzakhala wopusa." Ndidziwa kuti ena amana garu cakudya, namtsekera mumdima, namthira tsabola m'zakudya kuti akhale wolusa. Koma nchito ya mlonda ndiyo kudzutsa mudzi, ndipo garu wokhuta, wodziwa anthu ace, auwa mlendo wa usiku mosalephera. Garu wosautsidwa sasiyanitsa mbala ndi mlamu wanu, kapena ndi mwana wa mnansi wodzapala moto. Akaluma, mlandu ugwera inu pa bwalo la mfumu, ndipo cibale ca zaka zambiri cionongeka.

Ufatsi wa garu uyamba ali wamng'ono. M'caka ca 1965 akatswiri awiri, J. P. Scott ndi J. L. Fuller, atayesa agaru zaka zambiri ku Bar Harbor m'dziko la America, anaonetsa kuti nyengo imene kagaru kazolowera anthu mosabvuta iri kuyambira masabata 3 kufikira ngati masabata 12. Cotero musakacotse kwa mai wace kasanakwane masabata 8. Ndipo mukakatenga, kazolowere kugwidwa mokoma ndi amuna, akazi ndi ana, kaone nkhuku, mbuzi ndi njinga. Ana oponya tiagaru miyala alikudzikonzera okha garu wodzawaluma.

ZOPHUNZITSA ANA

Mwana ali wamfupi, nkhope yace ilingana ndi pakamwa pa garu. Ndico cifukwa cace mabala a ana ali kawiri kawiri kumaso ndi kukhosi. Madzulo ano asonkhanitseni ndi kuwauza izi:

Asagwire garu alikudya, ali m'tulo, ali ndi ana, ali womangidwa kapena wodwala. Asamkumbatire m'khosi, asamkwere pamsana, asamkoke mcira kapena makutu. Garu wa eni asamgwire mwini wace asanalole.

Garu akawadzera panjira, asathawe ndipo asapfuule, pakuti cothawa ciutsa mtima wa uzimba, ndipo palibe mwana aposa garu liwiro. Aime nji ngati mtengo, manja pacifuwa, maso pansi, osayang'anana naye m'maso. Garu anunkhiza nacoka; pamenepo abwerere m'mbuyo pang'ono pang'ono. Akagwetsedwa pansi adzipinde ngati mwala, mawondo pamimba, manja ataphimba makutu ndi khosi. Wamkuru aike cinthu pakati, dengu kapena thumba. Wa panjinga atsike, njinga ikhale pakati pa iye ndi garu.

Khanda lisasiyidwe lokha pamphasa pamodzi ndi garu, ngakhale garu wa zaka zambiri pakhomopo. Ndipo lamulo loposa onse ndi ili: mwana akalumidwa kapena kukandidwa, anene msanga, ndipo inu mulonjeze kuti simudzamkwapula. Mwana woopa cikoti abisa bala, ndipo bala lobisika ndilo lipha.

GARU AMENE SACENJEZA

Pali garu mmodzi amene satsata makwerero aja, ndiye garu wa ciwewe. Iye amene adziwa makhalidwe a garu wace wa masiku onse ndiye azindikira msanga pamene asintha. Ciwewe cidza ndi kacirombo kosaoneka ndi maso, kokhala m'malobvu a nyama yodwala. Kalowa pa bala, kayenda m'mitsempha pang'ono pang'ono kufikira ku ubongo. Bala likakhala kumaso kapena kukhosi ulendo wace ufupika.

Zizindikiro zace ndi izi. Garu wofatsa alusa, kapena wolusa afatsa modabwitsa. Ayendayenda kutari osadziwa kwao, aluma ciri conse, mitengo, miyala, mbuzi, anthu, osadzuma konse. Mau ace asintha, asasa. Malobvu acuruka popeza sakhoza kumeza, ndipo adzandira poyenda. Koma pali mtundu wina wa ciwewe wacete: garu salusa, angogona, cibwano ciri lende, monga ngati pfupa lamtsamwa. Musalowetse dzanja m'kamwa mwace kufuna pfupalo. Anthu atenga nthenda mwa cifundo cotere. Musayesenso garu pomuikira madzi, pakuti kuopa madzi ndi cizindikiro ca munthu wodwala ciwewe, ndipo garu wodwala akhoza kuwayandikira. Nkhandwe kapena cirombo cina cikalowa m'mudzi usana mosaopa anthu, ciyeseni ca ciwewe. Ng'ombe, mbuzi ndi amphaka atenganso nthendayi, ndipo nyama ya ciweto cofa nayo isasendedwe kapena kudyedwa.

Bungwe loyang'anira umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, liwerengera kuti ciwewe cipha anthu ngati 59,000 caka ndi caka, makamaka mu Africa ndi mu Asia. Kuti pafupi onsewo, kufikira 99 mwa 100, acitenga kwa agaru. Ndi kuti 4 mwa 10 ali ana osakwana zaka 15. Nthendayi iri pakati pathu. M'caka ca 2007 madotolo ogwira nchito pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre anadziwitsa kuti ana ena amene anayesedwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, atapimidwa bwino, anapezeka kuti anafa ndi ciwewe. Zizindikiro pa munthu zioneka kawiri kawiri patapita miyezi 2 kapena 3, nthawi zina sabata limodzi lokha, nthawi zina caka cathunthu. Bala likhala litapola, garu aiwalika, ndipo pamaliro anthu ayamba kulozana zala za ufiti.

MUNTHU AKALUMIDWA

1. Tsukani bala nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda, kwa mphindi 15 zathunthu. Kutsuka kumeneku kucotsa tizirombo tambiri tisanalowe m'mitsempha. Sopo akasowa, tsukanibe ndi madzi.

2. Musapake tsabola, dothi, phulusa kapena zitsamba, ndipo musamange bala kolimba.

3. Pitani ku cipatala tsiku lomwelo, cinkana bala liri laling'ono, cinkana garu anangokanda kapena kunyambita pa cironda. Katemera wa ciwewe aperekedwa kangapo pa masiku osiyana. Tsirizani monga adotolo anena. Munthu akalandira msanga apulumuka. Koma zizindikiro zikayamba kuoneka, palibe mankhwala ociritsa, ndipo imfa iri pafupi yosalephera. Pakadafunda padajiwitsa garu.

4. Garu woluma, ngati ali wa pamudzi ndipo aoneka wamoyo bwino, atsekeredwe ndi kudyetsedwa masiku 10, ndipo mlangizi wa ziweto adziwitsidwe. Garu amene anali ndi ciwewe m'malobvu pa tsiku la kuluma adwala kapena kufa m'masiku amenewo. Koma wolumidwa asadikire masikuwo ali kunyumba. Ayambe wapita ku cipatala. Garu wooneka wa ciwewe musayese kumgwira ndi manja. Lowetsani ana m'nyumba, uzani mfumu ndi mlangizi.

KATEMERA WA AGARU

Pa 6 July 1885, ku Paris, Louis Pasteur anayamba kupereka katemera wace kwa mnyamata wa zaka 9, dzina lace Joseph Meister, amene analumidwa ndi garu wa ciwewe. Ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo. Kuyambira pamenepo imfa ya ciwewe iri imfa yopeweka. Njira yocepa mtengo koposa ndiyo kutemera agaru eni ace. Akatswiri apeza kuti agaru 7 mwa 10 ali onse akalandira katemera caka ndi caka, nthendayi isowa poyenda, nizirala m'dzikomo. Izi zitheka kwathu kuno: m'caka ca 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi a boma oyang'anira ziweto, linatemera agaru oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 a nchito. Tsiku la 28 September, limene Pasteur anamwalira m'caka ca 1895, likumbukiridwa caka ndi caka monga tsiku la kulimbana ndi ciwewe.

Tsono mukamva kuti otemera afika, musatume kamwana kokha ndi garu mmodzi wofatsa, kusiya olusa kunyumba. Tengani onse, ndi tiana tomwe, ndipo sungani kapepala kace pamodzi ndi makalata a banja. Onaninso pano phindu la kulera garu mokoma: garu wozolowera dzanja la mbuye wace atsogozedwa ku katemera mosabvuta, koma womenyedwa athawira kuthengo, natsala wosatemera.

Abale anga, inu mudziwa mitambo ya mvula isanagwe, mudziwa ng'ombe yodwala pa kaimidwe kace. Nzeru yomweyo ikwanira pa garu. Madzulo ano, popereka makombo, imani potero pamodzi ndi ana anu, muwaonetse makutu, mcira ndi maso ace, ndi kuwafunsa cimene garuyo alikunena. Ndipo amene sadziwa kuwerenga, muwawerengere pepala lino pabwalo.

Ndine mnzanu pa nchito ya ulimi.